Ana athu akuloweza mayina a maatomu, koma nkhani yagona pa kayalidwe kake

Aliyense amene anapitako kuchipatala ndi mwana wotentha thupi amakadziwa kachipangizo koyezera malungo kaja. Amamubaya mwanayo pachala, kadontho ka magazi n'kugwera pakabowo, kuthirapo timadzi tina, kenako kudikira mphindi 15 kapena 20. Ukatuluka mzere umodzi ndiye kuti malungo mulibe, ikatuluka iwiri ndiye kuti tizilombo tapezeka. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti pa zipangizo zambiri zoterezi, mzere wofiirira uja si utoto. Ndi golide, golide yemweyu amene tonse timamudziwa kuti ndi wachikasu ndiponso wonyezimira.

Wafiira bwanji? Golideyo amakhala m'timibulu ting'onoting'ono zedi, toti mutatindandalika pafupifupi 2,000 m'pamene tingafike pa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Kam'bulu kamodzi kamakhala ndi maatomu a golide ngati 2 miliyoni. Pa msinkhu umenewo, kuwala kukagunda kam'buluko, maelekitironi, tinthu ting'onoting'ono ta magetsi ta m'maatomu onse aja, amagwedezeka limodzi n'kumeza mbali yobiriwira ya kuwalako, ndipo chofika m'maso mwathu chimakhala chofiira. Atomu imodzi ya golide payokha ilibe kufiira kumeneku. Mphete ya ukwati ilibenso. Kufiirako n'kwa gulu la maatomu lofika pa kukula kwakutikwakuti, moti timibuluto tikakula kapena kuunjikana, mtundu umasintha n'kuyamba kupita ku buluu. Michael Faraday analemba za madzi ofiira a golide oterewa ku London mu 1857, nthawi imene kunalibe chipangizo chotha kuonetsa timibuluto.

Ndayamba ndi golideyu chifukwa ndili ndi dandaulo pa mmene timaganizira za zinthu kuno kwathu, kuyambira m'kalasi mpaka pa nkhani za migodi. Tinazolowera kuganiza kuti ukadziwa zimene zili m'chinthu ndiye kuti wachidziwa chinthucho. Mwana wa Fomu 3 akaloweza kuti madzi ndi H2O timati wawadziwa madzi. Akatswiri akalengeza kuti m'phiri lakuti muli mwala wakuti timati talemera. Maganizo amenewa ndi operewera, ndipo kuperewerako kukutidyera ndalama. Khalidwe la chinthu, kaya ndi kulimba, mtundu, kusungunuka m'mimba kapena kukoka zitsulo, kawirikawiri silikhala mu molekyu imodzi, kutanthauza kagulu kamodzi ka maatomu ogwirana. Limabadwa mamolekyu akakumana ambirimbiri n'kuyalana mwanjira inayake. Sinthani kayalidweko osachotsapo kapena kuwonjezerapo kanthu, mupeza kuti muli ndi chinthu china.

Wina aganiza msanga za mwambi uja wakuti mutu umodzi susenza denga. Mwambiwo ndi wabwino, koma sukufika pamene ndikunena. Anthu khumi onyamula denga amangophatikiza mphamvu zimene aliyense anali nazo kale, ndipo ukadziwa mphamvu za mmodzi ukhoza kuwerengera za khumiwo. Mamolekyu satero. Molekyu imodzi ya madzi siiwira, siiundana, siinyowetsa kanthu ngakhale pang'ono. Kuwira ndi kuundana n'zochitika za gulu basi.

Taonani mpweya uja wonunkha dzira lowola, H2S. Molekyu yake inapindika mofanana ndi ya madzi, ndipo ndi yolemera pafupifupi kuwirikiza kawiri. Mwa nzeru wamba, ukanayenera kuvuta kuwira kuposa madzi. Koma umawira pa madigiri 60 kunsi kwa ziro, pamene madzi amadikira mpaka 100. Kusiyanaku kukuchokera pa kugwirana. Molekyu iliyonse ya madzi imatha kugwira zinzake zinayi, kugwira kwake kofooka, komangomasuka n'kugwiranso kwina mosalekeza. Kugwira kumodzi n'kosanunkha kanthu, koma konseko pamodzi ndiko kwachititsa kuti mumtsinje wa Mulunguzi kuno ku Zomba muziyenda madzi osati nthunzi. Madziwo akaundana, mamolekyu aja amaima chilili atagwirana anayianayi n'kusiya mipata pakati, ndiye amafufuma ndi magawo 9 pa 100 alionse. N'chifukwa chake botolo lodzadza mpaka pakamwa limaphulika mufiriji. Zonsezi simungaziwerenge pa zilembo zitatu za H2O.

Asayansi eniake anakanganapo pa mfundoyi. Mu 1929 Paul Dirac analemba kuti malamulo oyendetsa Chemistry yonse adziwika kale, vuto n'lakuti masamu ake ndi ovuta kwambiri kuwasova. Ananena zoona. Koma mu 1972 Philip Anderson, amene pambuyo pake anadzalandira mphotho ya Nobel mu 1977, analemba nkhani yotchuka ya mutu wakuti "More Is Different" m'magazini ya Science. Mfundo yake inali yakuti kutha kuphwanya chinthu mpaka kufika pa malamulo ake oyambirira sikutanthauza kuti ungayambire pa malamulowo n'kumanga dziko lonse. Zinthu zikachuluka ndi kuyalana, pamabuka makhalidwe atsopano ofunika kuwaphunzira pawokha. Ine ndili kumbali ya Anderson, ndipo zikuoneka kuti sayansi yalowera komweko. Mphotho ya Nobel ya Chemistry ya 1987 inapita kwa Donald Cram, Jean-Marie Lehn ndi Charles Pedersen chifukwa chofufuza mmene mamolekyu amazindikirirana ndi kugwirana. Ya 2023 inapita kwa ofufuza timibulu tosintha mtundu malinga ndi kukula kwake. Ya 2025 inapita kwa Susumu Kitagawa, Richard Robson ndi Omar Yaghi, amene anapeza njira yomanga mamolekyu kukhala ngati zisa zokhala ndi timabowo, zina mwa izo zotha kukoka madzi mumpweya wa m'chipululu. Pa zonsezi palibe amene anatulukira atomu yatsopano. Anangodziwa kuyala amene analipo kale.

Sindikufuna kuti nkhaniyi ithere ku Stockholm, kumene amaperekera mphotho zimenezi. Tiyeni titsikire ku Chinamwali, ku Matawale kapena kwa Mpondabwino mumzinda wa Zomba muno, kumene anyamata akuumba mabuloko a simenti m'mphepete mwa msewu. Kuyambira pamene boma linaika malamulo mu 2018 oletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zamalonda, bizinesi imeneyi yakula, ndipo n'zabwino chifukwa mitengo ya m'mapiri athu yatha ndi mauvuni. Koma yang'anitsitsani mmene ntchitoyo imayendera m'malo ambiri. Mchenga amauwunjika, amang'amba thumba la simenti, kusakaniza ndi fosholo, kuthira madzi a m'ndowa mongoyerekeza, kutsendera m'chikombole, n'kukhuthulira pansi. Mabulokowo amandandalikidwa pamtetete, dzuwa la mu Okutobala lili phwee. Pakapita masiku awiri kapena atatu ayera mbuu, ndipo wogula akafika amauzidwa kuti, "Auma awa bwana, mukhoza kunyamula lero lomwe."

Pa mawu akuti "auma" m'pamene pagona tsoka. Dothi ndi limene limalimba likauma. Simenti imalimba ikamamwa madzi. Pofuna kuipanga amaotcha miyala ya laimu pamodzi ndi dothi pa moto wa madigiri pafupifupi 1,450, n'kupera zotulukazo kukhala fumbi. Anthu a ku Zomba ntchitoyi si yachilendo kwa ife, poti kwa zaka zambiri miyala yopangira simenti inkakumbidwa ku Changalume, kuseri kwa phiri lathuli. Fumbi limeneli likakumana ndi madzi, pa kanjere kalikonse pamayamba kumera timaulusi ndi timapepala tosaoneka ndi maso, topangidwa ndi kashiamu, silika ndi madzi amene. Timeneti timakula, kukumana ndi tochokera pa kanjere koyandikana nako, kulukana, n'kukulunga mchenga wonse. Kulimba kwa buloko ndi kulukana kumeneku. Sikuchitika tsiku limodzi. N'chifukwa chake mainjiniya amayeza mphamvu ya konkire pakatha masiku 28, ndipo amalangiza kuti izikhala yonyowa kwa masiku osachepera 7. Buloko likauma pa tsiku lachiwiri, kumera kuja kumaima panjira. Simenti yambiri imatsala m'katimo ili fumbi, ndalama yake itatuluka kale m'thumba la mwini nyumba.

Palinso mbali ina imene imasokoneza anthu. Madzi ofunika pothirira pambuyo pake ndi ambiri, koma madzi okandira poyamba akachuluka amawononga. Duff Abrams wa ku America anasonyeza mu 1918 kuti mphamvu ya konkire imatsika madzi okandira akamachuluka poyerekeza ndi simenti. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Simenti imangomwa madzi amene ikufuna, otsalawo amadzauluka n'kusiya timabowo m'malo amene anali. Mmisiri amene amathira ndowa yowonjezera kuti matope afewe, fosholo iziyenda bwino, akumanga timabowo m'khoma la mnzake.

Tsopano tengani mabuloko awiri opangidwa ndi thumba limodzi, mchenga umodzi wa mu Likangala, munthu mmodzi. Lina lathiriridwa pamthunzi kwa sabata, lina lasiyidwa padzuwa. Mukawapera n'kukayeza kuti muli maatomu anji, mupeza mndandanda wofanana: kashiamu, silikoni, okosijeni, aluminiyamu, chitsulo pang'ono. Koma lina mukhoza kulikanda ndi msomali n'kuona likuyoyoka, linalo msomali umapindika. Mvula ya mu Januwale ikabwera, mpanda umodzi ugwa, wina utsala. Ine sindiwada anyamata oumbawo. Amalipidwa powerenga mabuloko, madzi amatunga kutali kapena kugula, malo osungira ndi ochepa, ndipo wogula amafuna zotchipa ndi zachangu. Chimene chimandipweteka n'chakuti ambiri mwa iwo anadutsa kusekondale, ena analemba mayeso a sayansi, koma palibe anawauza kuti simenti siiuma. Wogulanso, amene mwina ndi mphunzitsi kapena nesi wosunga ndalama zaka zambiri kuti amange, sakudziwa choti afunse. Onse awiri akanadziwa, wogula akanalolera kuwonjezera kangachepe pa buloko lothiriridwa, woumbayo n'kupindulanso.

Chodabwitsa n'chakuti amayi athu amaidziwa kale mfundoyi ndi manja, kungoti palibe amene anawauza kuti ndi sayansi. Ufa ndi madzi ozizira zimangokhala chiphalaphala choyera, ufa n'kukhazikika pansi. Ufa womwewo ndi madzi omwewo zikafika pa madigiri 60 mpaka 70, timibulu ta sitachi timamwa madzi n'kutupa, tizingwe take titalititali n'kutuluka, ndipo phala limakhuthala. Mthiko ukamavundula, tizingweto timakolana mpaka nsima imatha kuumbika ndi chipande. Ikagona n'kukhala mkute imalimba ngakhale muivundikire bwanji, chifukwa tizingwe tija tikazizira timayalananso mothinana. Kondowole amatamuka pamene nsima ya chimanga imanyemeka, ngakhale kuti sitachi ya chinangwa ndi ya chimanga zonse zinapangidwa ndi shuga wamtundu umodzi, wolumikizana mosiyana pang'ono. Mwana amene amaona izi tsiku lililonse kukhitchini amapita kukalasi n'kuuzidwa kuti sayansi imakhala m'mabotolo amene sukulu yake ilibe.

Mwina wina anena kuti za nsima ndi mabuloko n'zazing'ono. Imvani ya mankhwala. Ritonavir ndi mankhwala olimbana ndi kachilombo ka HIV, ndipo amapezeka m'gulu lina la ma ARV amene anthu akumwa m'dziko muno. Kampani ya Abbott inayamba kuwagulitsa mu 1996. Mu 1998 makapisozi ena anayamba kulephera mayeso a kasungunukidwe. Atafufuza anapeza kuti mankhwalawo sanawonongeke, ndipo simunalowe chinthu chachilendo. Molekyu inali yomweyo, atomu ndi atomu. Chinasintha n'chakuti mamolekyuwo anapeza njira ina yoyalirana, yothinana ndi yokhazikika kwambiri, imene inali yovuta kusungunuka. Mankhwala osasungunuka salowa bwino m'magazi. Choopsa china n'chakuti kayalidwe katsopanoka katangooneka, kanayamba kufalikira m'mafakitale, moti kupanga kakale kaja kunakhala kovuta. Kampaniyo inachotsa makapisoziwo pamsika, odwala n'kumamwa amadzimadzi mpaka mu 1999 pamene inatulutsa ena opangidwa mwanjira yatsopano. Imeneyi inali kampani yokhala ndi akatswiri ndi zipangizo zonse, koma sinathe kulosera zimene mamolekyu ake omwe angachite akakumana. Tikamauzidwa kuti mankhwala asungidwe pouma ndi pozizira, kapena kuti LA amagwira bwino ukamwera mkaka kapena chakudya cha mafuta, nkhani yake ndi yomweyi ya mmene mamolekyu akhalirana ndi anzawo.

Apa ndifike pa migodi, chifukwa m'pamene kusamvetsa kumeneku kungatipweteke kwa zaka zambiri. Masomphenya a Malawi 2063 akuika chiyembekezo chachikulu pa miyala ya pansi pa nthaka. Tikumva za graphite ndi rutile wa ku Kasiya ku Lilongwe, za miyala ya rare earth ya ku Kangankunde ku Balaka ndi ku Songwe Hill ku Phalombe, pafupi pomwepa kungodutsa nyanja ya Chilwa. Nkhani zake zimakambidwa ndi matani ndi madola, ngati kuti chuma chonse chili mu dzina la mwalawo.

Graphite ndi kaboni basi. Makala ndi kaboni wochuluka, dayamondi ndi kaboni. Mu dayamondi atomu iliyonse imagwira zinzake zinayi mbali zonse, ndiye mwalawo umalimba kuposa mwala wina uliwonse wachilengedwe ndipo sudutsa magetsi. Mu graphite atomu iliyonse imagwira zitatu, n'kupanga timapepala tosanjikizana timene timaterereka, n'chifukwa chake pensulo imalemba, komanso magetsi amadutsamo. Batire la foni yanu limadalira mipata ya pakati pa timapepalato, mmene lithiamu amalowa ndi kutuluka mukamatchaja ndi kugwiritsa ntchito. Koma graphite wongokumbidwa sangalowe m'batire. Ayenera kuyeretsedwa kwambiri, kuumbidwa kukhala timibulu tozungulira ta kukula koyenera, ndi kukutidwa. Ntchito imeneyi, imene mbali yake yaikulu ikuchitikira ku China, ndi imene imakweza mtengo. Ndipo mu 2004 Andre Geim ndi Konstantin Novoselov a ku Manchester atamatula kapepala kamodzi kokha ka graphite pogwiritsa ntchito selotepi, anapeza chinthu cha makhalidwe enanso, graphene, chimene chinawapatsa mphotho ya Nobel mu 2010.

Za rare earth ndiye zomveka kwambiri. Chimodzi mwa zitsulo zofunidwa m'miyala imeneyi ndi neodymium, chifukwa cha maginito amphamvu a m'mamota a galimoto zamagetsi ndi m'masipika. Koma neodymium payekha, pa kutentha kwa masiku onse, si maginito. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, Masato Sagawa ku Japan ndi John Croat ku America anapeza, aliyense payekha, kuti maatomu 2 a neodymium, 14 a chitsulo ndi 1 ya boron akayalana mwanjira inayake amatulutsa maginito amphamvu kuposa onse amene analipo. Onani kuti mbali yaikulu ya maginitowa ndi chitsulo wamba. Mphamvu yake imadaliranso kuti timibulu ta m'katimo tayang'anitsidwa mbali imodzi, ndiponso zimene zili m'malire a timibuluto. Amene amadziwa kuchita zimenezi ndi amene amadya phindu lenileni. Mawu akuti tisamagulitse miyala yosakonza ndimagwirizana nawo ndi mtima wonse, koma kukonza mwala si kuutsuka ndi kuupakira m'matumba. Ndi kudziwa kuyala maatomu ake, ndipo anthu odziwa zimenezo sitingawagule limodzi ndi makina. Tiyenera kuwaphunzitsa, ndipo mwana amene adzayendetse fakitale yotere zaka 15 zikubwerazi ali ku pulayimale lero.

Ndikudziwa zimene aphunzitsi anzeru angandiyankhe, ndipo zina mwa izo n'zomveka. Choyamba adzati mwana sangamvetse za kuyalana kwa mamolekyu asanadziwe mamolekyuwo, asanadziwe kulemba ndi kulinganiza ma equation. Ndikuvomera. Sindikupempha kuti tichotse tebulo la ma element kapena kusiya masamu a Chemistry. Anderson yemwe sanakane malamulo oyambirira. Adzatinso silabasi imatchula kale za dayamondi ndi graphite, za sopo, za mapulasitiki. N'zoona, imatchula. Koma mwa ana amene ndachezapo nawo, ambiri amazigwira ngati mndandanda woloweza, kusiyana kutatu kwa ichi ndi icho, n'kukabweza pa pepala la mayeso. Sanauzidwe kuti ndi mfundo imodzi yaikulu yomwe ikulumikiza sopo, magazi, simenti ndi chitsulo. Afunseni chifukwa chimene sopo amachotsera mafuta m'mbale. Ochepa ndi amene angafotokoze kuti mamolekyu a sopo akachuluka kufika pa mlingo winawake amadzisonkhanitsa okha m'timagulu tozungulira, michira yake yodana ndi madzi itabisala m'kati pamodzi ndi mafutawo, mitu yake ili kunja. Palibe amene amawayala. Amayalana okha, ndipo khungu la selo iliyonse ya m'thupi mwathu linapangika mwa njira yofanana ndi imeneyi.

Yankho lachiwiri ndi lija timalimva nthawi zonse, lakuti masukulu ambiri, makamaka ma CDSS, alibe malabu, alibe mankhwala oyesera, ndipo mphunzitsi mmodzi ali ndi ana odzadza kalasi. Vutoli ndi lenileni ndipo sindikulichepetsa. Koma mbali imeneyi ya sayansi ndi imene ili yotchipa kuposa zonse. Ufa, sopo, mafuta ophikira, mchere, kandulo, dothi la pachulu, simenti ya m'kapu, zonsezi zili pa msika wa Zomba. Wosula zitsulo amene amatenga sipuling'i yakale ya galimoto, kuiotcha mpaka kufiira, kuiviika m'madzi kapena mu oyilo n'kutulutsa nkhwangwa yakuthwa, akusintha kayalidwe ka maatomu a chitsulo ndi kaboni popanda kuwonjezeramo chilichonse. Akaiziziritsa pang'onopang'ono imafewa, akaiviika mwadzidzidzi imalimba koma imathetheka msanga, ndiye amaitenthetsanso pang'ono kuti ipirire. Kalasi imene ingakhale naye ola limodzi ingaphunzire zambiri kuposa ya sabata yonse yokopera manotsi.

Pali chenjezo limodzi limene ndiyenera kulinena mosabisa, chifukwa mfundo yabwino imatha kubedwa. Tili ndi anthu ogulitsa zosakaniza m'mabotolo, m'misika ndi pa WhatsApp, amene amati mphamvu ya mankhwala awo ili mu kuphatikiza ndipo sayansi singaione. Zimene ndikunena pano sizikuwaikira kumbuyo. Khalidwe lobadwa pa kuyalana kwa mamolekyu si matsenga. Limayezeka, limabwerezeka, ndipo aliyense wotsatira njira yomweyo amalipeza. Kufiira kwa golide kuja kuli ndi nambala yake pa makina oyezera kuwala. Kulimba kwa buloko kuli ndi nambala yake pa makina ophwanyira. Vuto la ritonavir linadziwika chifukwa panali anthu oyeza gulu lililonse la makapisozi lisanatuluke. Kunena kuti zinthu zikaphatikizana zimatha kutulutsa khalidwe latsopano ndi chifukwa choyezera kwambiri, poti khalidwe latsopanolo likhoza kukhalanso lakupha. Matenda a sickle cell, amene mabanja ena kuno akulimbana nawo, amayamba ndi kusintha kwa kachidutswa kamodzi kokha pa tcheni cha molekyu yonyamula okosijeni m'magazi. Molekyu imodzi yoteroyo imanyamula okosijeni ndithu. Tsoka limabwera okosijeni akachepa, pamene mamolekyuwo amamatirana n'kupanga timitengo tolimba topinda selo yonse.

Chifukwa chimene ndikulembera nkhaniyi ndili ku Zomba n'chakuti zingwe zambiri za nkhaniyi zili m'boma lino. Silabasi ya masukulu a dziko lonse imakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi. Aphunzitsi ambiri a kusekondale amasulidwa ku Domasi College of Education ndi ku University of Malawi ku Chirunga, komwenso kuli dipatimenti ya Chemistry. Mayeso amakonzedwa ndi MANEB, imene likulu lake lili mumzinda uno. Likulu la nthambi ya boma yofufuza za miyala, Geological Survey, lilinso konkuno. Amisiri omanga akuphunzira ku Nasawa Technical College. Anthu a m'maofesi amenewa amakumana pa msika umodzi, m'matchalitchi ndi m'mizikiti imodzi. Ngati pali malo amene kusintha kungayambire popanda kudikira thandizo lakunja, ndi kuno.

Ndipo poyambira pake ndi pa mayeso, chifukwa tonse tikudziwa kuti chimene chimafunsidwa pa MSCE ndi chimene chimaphunzitsidwa. Pa pepala la Chemistry patamabwera chaka ndi chaka funso lopatsa mwana zinthu ziwiri zopangidwa ndi maatomu ofanana koma zosiyana khalidwe, n'kumufunsa kuti afotokoze chifukwa chake, aphunzitsi angasinthe kaphunzitsidwe pasanathe zaka ziwiri. Funsolo lisakhale la dayamondi ndi graphite lokhalokha, limene yankho lake ana analoweza kale. Likhale la mabuloko awiri aja, la nkhwangwa yoviikidwa ndi yosaviikidwa, la mafuta amadzimadzi ndi majarini.

Ophunzira a ku yunivesite nawonso ali ndi ntchito imene angaigwire mwezi uno. Atagula mabuloko m'malo osiyanasiyana a mumzinda muno, kuwayeza mphamvu, n'kulengeza zotsatira pa wailesi m'Chichewa popanda kutchula dzina la woumba aliyense, anthu omanga angadziwe chimene akugula, ndipo oumba angaone kusiyana kwa kuthirira ndi kusathirira pa manambala. Kusekondale, mphunzitsi wa Fomu 3 akhoza kugawa ana m'magulu kumayambiriro kwa teremu, gulu lililonse n'kuumba timabuloko m'mabotolo odula, tina ta madzi ochepa, tina ta madzi ambiri, tina tosungidwa m'ndowa ya madzi, tina pawindo padzuwa. Pakatha masiku 28 anawo aziphwanye okha poikapo miyala yolemera mpaka zitasweka, n'kulemba kulemera kwake. Thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50 lingakwanire makalasi onse a sukuluyo, ndipo komiti ya makolo ikhoza kuligula.